Ng'ona Yotumidwa

Mukaima pagombe la nyanja ku Nkhunga usiku wopanda mwezi, mungaganize kuti pakati pa madzi pamangidwa tawuni. Nyali zili ngwee, mzere wautali. Amenewo ndi asodzi a usipa, akukopa nsomba ndi kuwala kuti azizinge ndi chilimira. Kumbuyo kwanu kuli minda ya nzimbe ya ku Dwangwa yosaoneka polekezera pake, msewu wa M5 wochokera ku Salima kupita ku Nkhata Bay, polisi, khoti, chipatala, matchalitchi ndi mizikiti. Malo otere sasowa nkhani. Koma pa nkhani zonse zimene amayi ogula usipa amakamba padoko podikira mabwato m'bandakucha, zimene zimakhalitsa pakamwa ndi zija zoimitsa mutu.

Tiyerekeze kuti ng'ona yagwira munthu kufupi ndi pamene mtsinje wa Dwangwa umathira m'nyanja. Zoti ng'ona imagwira anthu palibe amene angatsutse, ndi mmene inabadwira. Koma mtembo usanapezeke n'komwe, funso limakhala litatembenuka kale. Pa anthu asanu amene ankachapa pamalopo, inasankhiranji iyeyu? Inalambalala bwanji mwana amene anali m'madzi, n'kukatenga amene anali pamtunda? Waituma ndani? Pofika madzulo nkhani imakhala yatha kuumbidwa, ili ndi chiyambi, chifukwa chake, ndiponso munthu woipa. Mlembi akamatenga cholembera amapeza mudzi wonse utamutsogolera kale.

Mabuku ambiri ophunzitsa luso lolemba ochokera ku Ulaya ndi ku America, akafika pa za mizukwa ndi matsenga, amalimbana ndi funso limodzi: ungatani kuti wowerenga avomere chinthu chimene akudziwa kuti kulibe? Kwathu kuno limenelo ndi vuto laling'ono. Wowerenga wa ku Nkhunga safunika kumunyengerera kuti avomere za ndege ya lichero, fisi wokweredwa kapena ndondocha. Amabwera atazimva kale, mwina dzulo lomweli, ndipo amene anamuuzayo anatchula ndi dzina lomwe la mwini ndegeyo. Katundu wa mlembi wathu ndi wina. Chikhulupiriro cha wowerenga wake chili ndi chala, ndipo chalacho chimaloza munthu wamoyo.

Agogo athu anali ndi njira yawo yotetezera zimenezi. Wokamba nthano akati "Padangokhala," ana n'kuyankha kuti "Tili tonse," ndiye kuti mpanda wamangidwa. M'kati mwa mpandawo kalulu amaweruza milandu, mtengo umaimba, mwana womezedwa ndi chilombo amatuluka wamoyo. Nthano ikatha amati kaphuleni mbatata, ana n'kuti yapserera, chipata n'kutsekeka, aliyense kukagona. Kukacha palibe mwana amene ankatola miyala kukasaka kalulu chifukwa choti anapusitsa njovu. Nkhani yaifupi ilibe mpanda umenewu. Imachitikira pa Dwangwa penipeni, muli kabaza, muli foni, muli ngongole ya banki m'khonde. Mfiti ya m'nkhani yaifupi imavala chitenje chonga cha azakhali a wowerengayo, imayenda ndi ndodo yonga ya agogo a kuseri kwa nyumba yake.

Chitsanzo chabwino cha chozizwitsa chimene chinatuluka mumpanda wa nthano n'kulowa m'buku osapweteka munthu ndi mbalame ya mu Sikusinja ndi Gwenembe, buku la John Gwengwe la m'zaka za m'ma 1960, limene ambiri a ife tinakumana nalo kusukulu. M'bale wapha m'bale wake panjira chifukwa cha chuma, mboni palibe, tchire lili zii. Kenako mbalame ikuyamba kuimba zimene zachitika, ndipo palibe njira yoitontholetsera mpaka mudzi wonse utamva. Taonani ntchito ya mbalameyi. Siinaphe munthu. Siinabweretse chuma. Amene anapha ndi munthu, ndi dzanja lake, pa chifukwa chimene aliyense akuchidziwa bwino, nsanje ndi dyera. Mbalame inangokana kuti nkhaniyo ikwiriridwe. Akuluakulu amati mlandu suola, ndipo Gwengwe anangoupatsa mapiko mwambiwo.

Apa m'pamene olemba ambiri ongoyamba kumene amapunthwa. Nkhani yawavuta, munthu woipa wapambana, malo a m'nyuzipepala atsala pang'ono kutha, ndiye amaitanitsa mzukwa kuti udzamupotokole khosi m'ndime yomaliza. Ena amachita zoipirapo, amamudzutsa mwininkhani thukuta lili kamukamu n'kutiuza kuti kunali kulota. Kumeneko n'kubera wowerenga. Wayenda nanu mtunda wonsewo, mwamuopseza, mwamumvetsa chisoni, pomaliza mukumuuza kuti sanachoke pamphasa. Njira yoyesera nkhani yanu ndi yosavuta. Chotsani chozizwitsacho muone chimene chatsala. Mukachotsa mbalame mu Sikusinja mutsalabe ndi abale awiri, nsanje ndi magazi, kungoti choonadi chasowa pakamwa potulukira. Mukachotsa mzukwa m'nkhani yanu n'kupeza kuti palibe chatsala, ndiye kuti munalibe nkhani chiyambire.

Chinthu china chimene mlembi angaphunzire kwa anthu a padoko ndi chakuti matsenga ali ndi malamulo. Aliyense amene anamvapo nkhani za kukhwima amadziwa kuti mankhwala sagwira popanda chizimba, ndipo chizimbacho sichikhala chinthu chotola panjira. Amati munthu amauzidwa kuti asadzagonenso pabedi, kapena asadzadye ndalama zake yekha, kapena apereke amene amamukonda koposa. Ngakhale zinthu zabwino zili ndi malamulo ake. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, m'dera la mfumu Makanjira, asodzi saloledwa kupita ndi mowa, kutchova juga ngakhale kutenga akazi, ndipo pali miyezi imene chilumbacho chimatsekedwa. Amati ukaswa lamulo mizimu imakwiya. Kaya munthu amakhulupirira za mizimuyo kaya ayi, utaka wa ku Mbenji umapeza nthawi yoswana. Nkhani yaifupi imakoma pamene wowerenga wauzidwa lamulo koyambirira, kenako n'kumaonerera mwininkhani akuliyandikira pang'onopang'ono ngati mwana woyandikira moto.

Mngelezi wina, W. W. Jacobs, anasindikiza mu 1902 nkhani yotchedwa The Monkey's Paw, imene munthu wa kuno angaizindikire msanga kuti ndi nkhani ya kukhwima. Banja lina lapeza dzanja louma la nyani lotha kupereka zinthu zitatu zimene munthu wapempha. Bambo apempha mapaundi 200. Mawa lake mwana wawo afera pamakina kuntchito, kampani n'kubweretsa chipepeso cha mapaundi 200 ndendende. Mayi, chisoni chitawapweteka, akakamiza bambo kupempha kuti mwanayo abwerere. Usiku pakhomo pamveka kugogoda. Bambo, pokumbukira mmene makina anaonongera thupi la mwana wawo, apempha chachitatu, ndipo chitseko chikutseguka panja palibe munthu. Jacobs sanationetse chimene chinkagogodacho. Wowerenga amadzijambulira yekha m'mutu, ndipo chimene munthu wadzijambulira chimaopsa kuposa chilichonse chimene mlembi angafotokoze. Olemba athu ambiri amakonda kutiwerengera mano a chiwanda, kutalika kwa zikhadabo zake ndi kufiira kwa maso ake. Pofika pa chikhadabo chachitatu mantha amakhala atatha.

Za ndondocha n'zofunika kuzikhalira pansi. Amati ndi munthu amene abale ake anaika m'manda, chonsecho anakwirira thunthu la nthochi, mwiniwake ali m'chipinda cha munthu wolemera, lilime lodulidwa, kugwira ntchito usiku popanda malipiro. Mlembi waulesi amangotenga nkhaniyi mmene ilili n'kuilemba kuti aopseze ana. Mlembi wamakutu amamva china. Kuyambira m'zaka za m'ma 1840 mpaka m'ma 1890, Nkhotakota unali msika waukulu wa akapolo pansi pa mafumu otchedwa Jumbe, woyamba wake Salim bin Abdullah. Anthu ankawaolotsa nyanja yomweyi pa zombo kupita nawo kum'mawa, abale awo osadzamvanso za iwo. Pambuyo pake kunabwera ulendo wa ku Joni ndi ku Harare, kumene ena anatchona osalembanso kalata. Lero anyamata amachoka m'maboma akutali kudzadula nzimbe kapena kudzakoka chilimira cha mwini wake, nsomba zikagulitsidwa iwo n'kugawana zotsala. Munthu wosoweka kwawo, wothyoka msana kuti wina alemere, wopanda lilime lodandaulira: kodi ameneyu tikamufune kumanda? Nkhani ya ndondocha ikalembedwa ndi munthu wodziwa zimenezi imaluma kawiri.

Nkhani yaifupi ndi bwato laling'ono. Tsamba limodzi la Malawi News kapena Weekend Nation, ngakhale la magazini ya Moni, silinyamula zambiri. Chozizwitsa chimodzi n'chokwanira. Mukakwezamo ng'ona yotumidwa, kadzidzi wa padenga, lichero louluka ndi mwana wolankhula ali m'mimba, bwato limira musanachoke padoko.

Nanga chozizwitsacho chikambidwe ndi mawu otani? Miyezi ina pamwamba pa nyanja pamaoneka chinthu chonga utsi wakuda, chokwera m'mwamba ngati kuti madzi akuyaka. Mlendo amaima kukamwa kuli yasa. Munthu wa kunyanja amangoti ndi nkhungu, tizilombo touluka timene timakulira pansi pa madzi n'kutuluka pamodzi mamiliyoni osawerengeka, ndipo mphepo ikatikankhira kumtunda ena amatikola n'kupanga ndiwo. David Livingstone, atayenda panyanjayi mu 1861, anadabwa nato mpaka anatilemba m'buku lake, ndipo analawako. Chodabwitsa kwa mlendo chinali chodyera kondowole kwa mwini dera. Zamatsenga nazo zimafunika kukambidwa ndi mawu a mwini dera, mawu ozizira, osakuwa. Amene anakula akumvera Nkhani za M'maboma pa wailesi ya MBC akudziwa chimene ndikunena. Wowerenga nkhani pawailesipo amanena za munthu amene wagwa pandege ya ufiti ndi liwu lomwe lija amanenera za mbuzi zobedwa, ndipo kuzizira kwa liwuko n'kumene kumakuimitsa tsitsi. Pulogalamu imeneyi inakopa ngakhale akatswiri akunja, moti Harri Englund anailembera buku lathunthu limene linatuluka mu 2011.

Gabriel García Márquez wa ku Colombia ankalemba chimodzimodzi. M'nkhani yake ina yaifupi, nkhalamba yamapiko igwa m'matope pabwalo la banja losauka mvula itagwa masiku atatu. Eni nyumba sagwada, sathawa. Aitsekera m'khola la nkhuku n'kuyamba kulipiritsa anthu odzaonerera. Nkhalambayo sichita chilichonse chachikulu m'nkhani yonse. Amene timawaona bwino ndi anthu oizungulira, umbombo wawo, kutopa kwawo msanga ndi chinthu chachilendo. Ndikamawerenga nkhaniyi ndimaganiza kuti nkhalamba yomweyo ikanagwera pamsika wa Dwangwa, wina akanayamba kugulitsa mandasi pakhomo la kholalo dzuwa lisanalowe.

Katswiri wina wa zolembalemba, Tzvetan Todorov, analemba mu 1970 kuti mphamvu ya nkhani zoterezi imagona pa kukayika, pamene wowerenga sakutha kusankha ngati chachitikacho n'chachilengedwe kapena n'chamizimu. Iye ankanena za kukayika kwa m'mutu mwa munthu mmodzi wokhala yekha ndi buku. Kwathu kukayikako kumakhala pabwalo la maliro. Namwino akuti anali malungo, anachedwa kubwera naye kuchipatala. Azakhali akuti malungo amtundu wanji otenga mwana tsiku limodzi, mkangano wa munda utangochitika kumene. Abusa akuti ndi chifuniro cha Mulungu. Ndipo nthawi zambiri mawu atatu onsewa amakhala mumtima mwa mayi wa mwanayo, amene m'mawa anali kuchipatala, masana kwa sing'anga, madzulo kumapemphero. Mlembi safunika kuweruza pakati pawo. Akangowaika atatuwa pamphasa imodzi n'kuwalola alankhule monga amalankhulira, nkhani yayamba kale kupuma.

Tsopano tifike pa chala chija. Lamulo la za ufiti limene dziko lino likugwiritsabe ntchito linakhazikitsidwa ndi atsamunda mu 1911. Limaletsa kumwetsa mwavi, kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndiponso kudzitcha mfiti. Anthu akhala akulitsutsa kuti silivomereza chimene ambiri amakhulupirira, ndipo mkanganowo sunathe. Koma pamene ophunzira akukangana, m'midzi magazi akukhetsedwa. Mu January 2016 ku Neno, mphenzi itapha mtsikana wa zaka 17, anthu anapha okalamba anayi a m'banja lomwelo powaganizira kuti ndiwo anaitumiza. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayambira cha ku Mulanje ndi Phalombe n'kufika mpaka ku Blantyre, ndipo anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu a anthu olusa. Onsewa anaphedwa ndi nkhani. Wina anaiyamba, wina anaikometsera, wina anaikamo dzina.

N'chifukwa chake mtundu wina wa nkhani yaifupi umandinyansa, ngakhale utalembedwa m'Chichewa chokoma bwanji. Mumaudziwa. Mnyamata wophunzira akudwaladwala kapena ntchito ikumulaka. Kumudzi kuli gogo wina wosauka, wamaso ofiira, wokhala yekha. Kukubwera sing'anga kapena mneneri, akufukula nsupa pansi pa nkhokwe, gogoyo akuulula zonse n'kufa imfa yowawa, mnyamata n'kupeza ntchito. Mlembi wa nkhani yotere amaganiza kuti walemba zoopsa, chonsecho wangobwereza chimene gulu la anthu onyamula zibonga limauzana lisananyamuke. Maso a gogoyo afiira ndi utsi wa nkhuni wa zaka makumi asanu ndi limodzi. Amalankhula yekha chifukwa anzake onse anamwalira, mwinanso mutu wayamba kuiwala monga umachitira ukalamba. Ndipo kawirikawiri ali ndi dimba m'dambo limene adzukulu akulisirira, makamaka kuno kumene malo olima akucheperachepera pakati pa nzimbe ndi nyanja. Nkhani yeniyeni ili padimbapo, koma mlembi waidutsa akuthamangira nsupa.

Sindikunena kuti tisiye kulemba za mizimu. Steve Chimombo, amene anabadwira ku Zomba mu 1945 n'kumwalira mu 2015, anakhala moyo wake wonse akulemba za zimenezi, kuyambira sewero la The Rainmaker lonena za M'bona mpaka ndakatulo ndi buku la Napolo. Napolo ndi chinjoka chimene amati chimakhala pansi pa phiri, ndipo chikamasamuka kupita kunyanja chimagumula mapiri, milatho ndi midzi. Anthu anatchula dzina lake Zomba itakokoloka mu December 1946, analitchulanso ku Phalombe mu March 1991. M'nthawi ya chipani chimodzi, pamene bungwe lounika mabuku lomwe linakhazikitsidwa mu 1968 linkasefa mawu aliwonse, Chimombo ankatha kulemba za mphamvu yodutsa usiku n'kusiya mabanja akulira, owerenga n'kumamva okha chimene akutanthauza. Ubwino wina wa Napolo ndi wakuti alibe m'bale m'mudzi. Palibe amene amamutuma. Kumapeto kwa February 2024 mtsinje wa Dwangwa utasefukira n'kusiya anthu zikwizikwi a m'dera la mfumu Kanyenda m'misasa, nyumba zitagwa, msewu utaduka, mlembi wofuna kulemba za usiku umenewo anali ndi chozizwitsa chokwana kale m'madzi omwewo, osasowa kukakoka nkhalamba ina iliyonse kuti isenze mlandu.

Tibwerere kwa ng'ona yathu ija. Mudzi wapereka kale nkhani yake: inatumidwa ndi mayi wokalamba wa kumapeto kwa mudzi, amene anakangana ndi malemuyo mwezi watha. Mlembi ali ndi njira zingapo, ndipo kusankha kwake kwagona pa funso loti nkhaniyi ikambidwe ndi ndani. Angaipereke kwa m'bale wa malemuyo, amene usiku uliwonse akamapalasa kupita ku usipa amaona ng'ona yomweyo ikutsata bwato lake, osamugwira, kungomuyang'ana, iye yekha akudziwa kuti ndalama za injini imene anasonkherana ndi malemu anazidya. Pamenepo ng'ona yatenga ntchito ya mbalame ya Gwengwe. Angaipereke kwa wapolisi wachinyamata wa pa Nkhunga, wotumidwa kukateteza gogoyo, amene lamulo la 1911 analiloweza pamtima koma m'thumba la yunifolomu muli kachithumwa kamene mayi ake anamusokerera tsiku lopita ku maphunziro.

Kapena angaipereke kwa gogoyo. Dzuwa lalowa, iye wakhala pakhonde akusenda chinangwa choti akaviike mawa. Ana amene masiku onse amabwera kudzapempha mango lero sanabwere. Mpongozi wake wadutsa ndi ndowa osapereka moni. Kunyanja nyali za usipa zayamba kuyaka imodziimodzi, ndipo iye akuziwerenga monga amachitira chimwalirireni mwamuna wake. Kenako akuona kuti zina mwa nyalizo sizili pamadzi. Zili panjira, ndipo zikubwera kuno.